Mmene mungathandizire m'bale wanu amene ali kundende kuti atuluke ndi satifiketi, mwinanso atayamba njira ya digiri

Mwana wa mchemwali wanga atamugamula kuti akakhale kundende zaka 6, maso onse pakhomo anayang'ana ine. Ndine malume wake, mwini mbumba, komanso ndinagwira choko zaka 31 ndisanapume, choncho za sukulu ya mnyamatayo zinali pamutu panga kuyambira kale. Mlandu wake sindiuchepetsa: inali ndewu ya pamowa, ndipo munthu anavulala kwambiri. Tsiku loyamba kukamuona, waya ali pakati pathu, sanadandaule za njala kapena nsikidzi. Anangoti, "Amalume, sukulu ija yathera pompa." Ndinamuuza kuti sinathe. Pobwerera ku Kawale ndinatsika minibasi ndisanafike, n'kuyenda wapansi, kuganiza poyambira.

Lero ali kunja. Ali ndi MSCE ya makirediti 6, pepala la ukalipentala, ndipo akuchita digiri mwa maphunziro a patali. Ndikulembera inu amene muli ndi mwana, mwamuna, mkazi kapena mlongo mkatimo. Iye ali ndi mutu komanso nthawi, koma alibe miyendo yopitira ku banki, ku MANEB kapena ku koleji. Miyendo yake ndinu, ndipo mukakhala pansi inuyo, sukulu yake yakhalanso pansi.

Musanagule kope ngakhale limodzi, tengani pensulo muwerenge kuti atuluka liti. Malamulo a ndende m'dziko muno amalola kuti mkaidi wa khalidwe labwino amuchotsere gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake. Zaka 6 za mphwangayu zinali zaka 4 zenizeni, ndipo poti woweruza anati ziyambire tsiku lomwe anamangidwa, miyezi 7 ya pa rimandi inalowa momwemo. Tinatsala ndi zaka 3 ndi miyezi 5. Tsiku lotuluka limalembedwa ku ofesi ya ndende, m'bale wanu akhoza kulifunsa. Nthawi imeneyi ndiyo ikuuzeni chosankha. Wa miyezi 10 sangayambe Fomu 3 n'kufika pa mayeso, amuyenera ndi maphunziro a luso aafupi. Wa zaka 3 kapena 4 angathe MSCE ndi luso limodzi. Wa zaka zambiri ndi amene angaganize za dipuloma ali mkati momwemo. Amene ali pa rimandi nthawi zambiri salowa m'kalasi chifukwa akhoza kuchoka tsiku lililonse. Kwa iyeyo thamangani kaye ku Legal Aid Bureau kapena kwa alangizi a zamalamulo a PASI amene amayendera ndende kuti mlandu uyende, uku mukumupatsira mabuku.

Kenaka mapepala. Apa ndi pomwe ine ndinapunthwa. Sonkhanitsani chiphaso chake cha unzika, satifiketi ya JCE ngati ali nayo, ndi kapepala ka zotsatira za MSCE ngati analembapo. Mayeso a JCE anayamba aimitsidwa pambuyo pa 2016 n'kubwereranso mu 2021, choncho amene anali Fomu 2 m'zaka za pakatipo alibe pepalali, musavutike kulifuna m'masutikesi. Satifiketi ikakhala inatayika kapena inadyedwa ndi chiswe, a MANEB amapereka kalata yotsimikizira kuti munthuyo analembadi ndipo anakhoza motani. Likulu lawo lili ku Zomba koma kuno ku Lilongwe alinso ndi ofesi. Mukasonkhanitsa, yalani mapepala onse patebulo muyang'ane dzina chilembo ndi chilembo. Mphwanga kusukulu ankalembedwa ndi dzina la kuchimuna, koma pa chiphaso pali dzina la kwathu kuno kuchikazi, poti bambo ake anachoka iye ali wamng'ono. Ine polemba fomu ndinaika la kwathu osaganiza kawiri. Kukonza zimenezi kunanditengera maulendo anayi ndi kalata yolumbira pamaso pa loya, iye ali mkati sangathe kudzilankhulira. Chitani zimenezi mwezi woyamba.

Ndende zikuluzikulu monga Maula kuno ku Lilongwe, Zomba, Chichiri ndi Mzuzu zili ndi sukulu mkati, ndipo akaidi amalemba mayeso a MANEB omwewo amene ana athu amalemba kunja, a Sitandade 8, JCE ndi MSCE. Satifiketi yake ndi yomweyo. Ophunzitsa ambiri ndi akaidi anzawo, ena anali aphunzitsi asanamangidwe, pamodzi ndi asilikali a ndende amene anachita zauphunzitsi. Polowera pake ndi kwa ofesala woona za maphunziro kapena za chisamaliro cha akaidi, ndipo chilolezo chimachokera kwa mkulu wa ndendeyo, amene onse amangoti bwana OC. M'bale wanu alembetse yekha mkatimo, inunso mulembe kalata. Yanga inali yaifupi: ndine malume wa wakutiwakuti, nambala yake ndi iyi, analekeza apa, ndikupempha mumulole alowe Fomu 3, fizi ya mayeso ndi mabuku ndidzalipira ine, nambala yanga ya foni nayi. Ndinalemba makalata awiri ofanana, imodzi anaidinda n'kundibwezera. M'kalatamo onjezani pempho loti asamusamutsire kundende ina asanalembe mayeso. Akaidi amasamutsidwa, makamaka kupita kundende za minda nthawi ya dzinja, ndipo munthu amene analembetsa mayeso pamalo ena akachotsedwapo, chaka chonse chapita.

Ndi bwino kudziwa kuti zomwe mukupemphazi zili m'malamulo. Gawo 25 la malamulo oyendetsera dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo gawo 42 limati munthu womangidwa apatsidwe zowerenga ndi zolembera, chakudya chokwanira ndi mankhwala, boma ndilo lilipire. Mu 2009, pa mlandu womwe mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma, khoti lalikulu linagamula kuti kuthinana kwa m'ndende zathu n'kuphwanya ufulu wa akaidi. Malamulo a United Nations a kasungidwe ka akaidi, amene anavomerezedwa mu 2015 n'kupatsidwa dzina la Nelson Mandela, pa lamulo 104 amati maphunziro a m'ndende alumikizane ndi maphunziro a dziko lonse kuti munthu akatuluka apitirize mosavuta. Zidziweni zimenezi kuti muyime molimba mtima, koma musakazivundumule pamaso pa ofesala ngati mwabwera kudzazenga mlandu. Amene ndinakumana nawo ine anali anthu ogwira ntchito ndi choko chochepa ndi mabuku ong'ambika, ndipo atangoona kuti pali wachibale amene akubweradi mwezi ndi mwezi, anatsegula mtima.

Tsopano MSCE, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndiye khomo la zonse. Magiredi amayambira 1 kufika 9. Giredi 1 ndi 2 ndi apamwamba kwambiri, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Munthu akhoza kukhala ndi satifiketi ya MSCE m'manja koma yunivesite osamulola, chifukwa kumeneko amafuna makirediti 6 ndipo limodzi likhale la Chingerezi. Mphwanga analembapo kale asanamangidwe, anali ndi makirediti atatu, Chingerezi anapeza 8. Ankaganiza kuti angobwereza maphunziro atatu okha. Ndinamuuza kuti ayambirenso onse kuchokera Fomu 3, nthawi inalipo, ndipo silabasi inali itasintha.

Posankha maphunziro ganizirani za mapulakitiko. Biology, Physics ndi Chemistry zimafuna labotale, ndipo mwana amene sanagwirepo botolo loyezera amanjenjemera tsiku la mayeso. Funsani kaye ngati sukulu ya mkatimo ili ndi zipangizo ndi mphunzitsi wake. Ife tinatenga Chingerezi, Chichewa, Masamu, History, Geography, Bible Knowledge ndi Agriculture, asanu ndi awiri, kuti limodzi likagwa asanu ndi limodzi atsale. Masamu musawathawe ngakhale iye atawaopa. Popanda kirediti ya Masamu, makosi a bizinesi ndi owerengera ndalama amatsekeka. Kulembetsa mayeso kumachitika miyezi yambiri mayesowo asanafike, ndipo fizi ili ndi tsiku lotsekera. Funsani ofesala wa maphunziro kuti ndani alipire, pali mabungwe ndi mipingo imene nthawi zina imathandiza, koma musadalire zimenezo mpaka mutaona risiti ndi maso anu.

Ndikuuzeni mmene Loweruka langa linkakhalira. Ndinkadzuka m'mamawa, mayi a kunyumba ataphika nsima ndi usipa, ine n'kulongedza m'jumbo makope awiri, zolembera, sopo, shuga, chiponde ndi buku limodzi. Pageti msilikali ankanditsegulitsa kontena kuti ndilawe chakudyacho iye akuona, mbamu imodzi ya nsima ndi kansomba. Akatero ankatenga bukulo, kuligwira pamsana n'kuligwedeza, kenaka kutsegula masamba ndi chala chachikulu kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Makope a waya ndi kampasi ya masamu yokhala ndi nsonga sizinkalowa wamba, kampasiyo inkasungidwa ku ofesi ya maphunziro, ankaitenga pa nthawi ya kalasi yokha. Ndinaphunzira kulemba dzina ndi nambala yake pachikuto ndi m'mphepete mwa masamba, komanso kubweretsa buku limodzilimodzi, chifukwa m'selo mulibe poika katundu. Kope lake la Masamu ankalisunga m'pepala la pulasitiki la shuga, n'kulilowetsa m'malaya pamimba, ndipo ankagona nalo choncho. Nditaliona koyamba linali lopindika ngati chikwanje, koma ntchito yonse inali yolembedwa bwinobwino ndi tizilembo ting'onoting'ono kuti masamba asathe msanga.

Mabuku ogwiritsidwapo kale ntchito ndinkawagula kwa anyamata oyala pansi ku Old Town, ena ndinkapempha kwa aphunzitsi anzanga akale. Chofunika kuposa buku ndi mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo. Ndinkamupatsa mafunso, Loweruka lotsatira n'kutenga mayankho ake kukachonga kunyumba ndi cholembera chofiira. Ngati simuli mphunzitsi, pezani wa ku mpingo kwanu kapena mwana wa Fomu 4 wa pafupi, ntchito yake ndi ya ola limodzi. Za chakudya musazione ngati zapadera. M'ndende zathu chakudya nthawi zambiri ndi kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba, ndipo maselo amatsekedwa dzuwa likadali m'mwamba. Maola owerengera ndi a m'mawa okhawo, ndipo munthu wanjala sagwira kanthu m'mutu. Supuni ziwiri za chiponde asanalowe m'kalasi zinamuthandiza mofanana ndi buku la Geography.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikuletsani ndi mtima wonse. Adzakuuzani, mwina iye mwini, kuti foni ingamuthandize kuwerenga pa intaneti ndipo pali njira yoilowetsera. Kanani. Akapezeka nayo akhoza kuchotsedwa m'kalasi, kusamutsidwa, ngakhale kulandidwa masiku aja anamuchotsera pa chilango, ndipo inuyo mwapalamula mlandu.

Mayeso atatha, zotsatira zili m'njira, analowa mu shopu ya ukalipentala. M'ndende mumaphunzitsidwa ukalipentala, utelala, kumanga nyumba, kuwotcherera zitsulo ndi ulimi, malinga ndi malo. Funso lofunsa ndi limodzi: pamapeto pake pepala adzapereka ndani? Pali mapepala ongonena kuti munthu anakhala nawo pa maphunziro, okongola, a malire agolide, koma bwana wa kampani sawawerengera. Olemera ndi a TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a luso, komanso a trade test a ku unduna wa zantchito. Ngati mayeso amenewa safika kundendeko, asataye mtima. Aphunzire ntchitoyo, mphunzitsi wake amulembere kalata yonena miyezi yomwe wagwira ndi zomwe amatha kupanga, akatuluka akalembetse mayesowo. Ndi mmene tinachitira ife, ndipo pepalalo ndi lomwe linamupezera benchi kwa mmisiri wina ku Mchesi.

Za dipuloma ndi digiri, m'maiko ena njira inalambulidwa kale. Mandela anamaliza digiri yake ya zamalamulo ndi UNISA, yunivesite ya maphunziro a patali ya ku South Africa, mu 1989 akadali m'ndende. Ku Uganda ndi ku Kenya bungwe la Justice Defenders limathandiza akaidi kuphunzira zamalamulo ndi University of London, ndipo Susan Kigula, mayi wa ku Uganda amene anagamulidwa kuti aphedwe, anayamba maphunziro ake m'ndende n'kudzalandira digiri atatuluka. Ku Nigeria, National Open University ili ndi malo ophunzirira m'ndende ndipo akaidi salipira fizi. Ku America boma linaleka kuthandiza akaidi ndi ndalama za koleji zotchedwa Pell mu 1994, makalasi ambiri a m'ndende n'kutsekedwa, ndipo thandizolo linabwezeretsedwa mu 2023. Ndimalakalaka yunivesite zathu zitatsegula kachipinda kamodzi kokha ku Maula. Ophunzira alipo, ndawaona ndi maso.

Kuno kwathu muyenera kupanga njira ndi manja anu. Maphunziro a patali alipo, ku LUANAR, ku Mzuzu University ndi kwina, amawatcha ODeL. Chopinga chake kwa mkaidi n'chakuti ophunzira amayenera kukaonekera pasukulu masabata ena, kukalemba mayeso pamalo osankhidwa, ndipo ntchito zambiri zimatumizidwa pa intaneti. Choncho musanalipire tambala iliyonse, pitani nokha kwa woyang'anira kosiyo mukamuuze zoona zake, kuti wophunzirayo ali kundende. Mufunse zinthu zitatu: kodi mabuku alipo osindikizidwa papepala, kodi asayimenti yolembedwa pamanja ndingaibweretse ine kapena kuijambula n'kuitumiza, nanga mayeso angakalembedwe kundende pamaso pa ofesala? Akavomera, akupatseni kalata, mupite nayo kwa bwana OC, nayenso avomere polemba. Mawu apakamwa amatha munthu akasamutsidwa pa ofesi.

Musamale ndi makoleji a m'makhwalala. Koleji ina ya m'tauni muno, ya zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo, inandilonjeza kuti zonse zitheka, mabuku atumiza, mayeso akayang'anira okha. Ndinalipira teremu imodzi kuchokera pa penshoni yanga. Tinalandira timapepala tochepa tojambulidwa mosaoneka bwino, ndipo nditapita kukafunsa ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ndinapeza kuti kosiyo sinali yovomerezeka. Ndalama sizinabwerere. Chinandipweteka kwambiri chinali kukamuuza mphwanga pawaya paja kuti miyezi itatu ija anawerenga zopanda pake. Safunsa anadya phula. A NCHE amasindikiza mndandanda wa sukulu ndi makosi ovomerezeka, yambirani kumeneko, ndipo yang'anani dzina la kosiyo, osati la koleji lokha.

Njira yomwe inatiyendera ndi ya makosi amene munthu amawerenga yekha n'kudzangolemba mayeso a bungwe. ICAM, yomwe inatenga mayeso amene achikulire timawadziwa kuti a PAEC, ili ndi satifiketi ndi dipuloma ya zowerengera ndalama. Ndinamugulira mabuku a satifiketiyo kutatsala miyezi 9, anawerenga ali mkati, n'kudzalemba atatuluka. Amene mtima wake uli pa za Mulungu afunse za TEEM ya ku Zomba, yomwe imaphunzitsa zaubusa anthu ali kwawo. Posankha kosi muganizenso za mlandu womwe anapalamula. Ntchito zina, monga za chitetezo ndi zosunga ndalama za anthu, zimafuna kalata ya kupolisi yonena ngati munthu anamangidwapo. Amene anamangidwa chifukwa cha ndalama za kampani adzavutika kulembedwa pa kauntala ya banki ngakhale atakhoza bwanji. Kosi yomwe ingamuthandize kudzilemba yekha ntchito ndi yomwe ili ndi phindu loyamba.

Kalendala ija ibwererenso apa. Posankha ophunzira opita ku yunivesite za boma kudzera ku NCHE, amatenga MSCE ya zaka zaposachedwa zokha, ndipo chilengezo cha chaka chilichonse chimatchula zakazo. Munthu wa chilango chachitali akalemba MSCE koyambirira, podzatuluka njira imeneyi idzakhala itatsekeka, adzatsala ndi ya ODeL kapena yolowera anthu akuluakulu. Ngati n'kotheka, konzani kuti alembe kutatsala chaka chimodzi kapena ziwiri. Zilengezo zimatuluka m'nyuzipepala ndi pa masamba a Facebook a sukuluzo, iye sazionako, muziona ndinu. Ine ndinadula chilengezo cha ODeL, ndinatenga fomu, anaisayina pa ofesi ya maphunziro ofesala akuona, ndipo kalata yomuitana inafika kutatsala milungu 6 kuti atuluke. Za ngongole ya fizi, ofesi yake ndi HESLGB, koma werengani bwino chilengezo chawo cha chaka chimenecho muone ngati kosi ndi sukulu yomwe wasankha zili m'gulu lothandizidwa.

Mwezi womaliza musatanganidwe ndi phwando lomulandira mpaka kuiwala mapepala. Atenge kapepala ka zotsatira za mayeso, afunse komwe satifiketi yeniyeni idzafikire poti imachedwa kutuluka, atenge kalata ya ofesala wa maphunziro yonena za khalidwe lake m'kalasi, ndi ina ya ku shopu. Akatuluka pageti, kubwereranso kukafuna zimenezi kumalemera, miyendo imakana.

Tsiku lotuluka ndinapita ndi chikwama chachikulu poganiza kuti tinyamula mabuku onse aja, 14. Anatuluka ndi jumbo imodzi, muli kope la Masamu lopindika lija ndi makalata. Anati, "Amalume, mabuku ndasiyira anzanga, pali mnyamata wa ku Mitundu alemba chaka chamawa, alibe womuyendera." Kuyambira pamenepo ndimapitabe Loweruka loyamba la mwezi, kukatenga mayankho a mnyamata wa ku Mitunduyo n'kumusiyira mafunso ena. Mwezi uno akusowa mapepala akale a Masamu ndi dikishonale ya Chingerezi. Ngati muli nazo pakhomo, ana anamaliza, zimangodyedwa ndi mphemvu, zikulungeni, mulembe pamwamba kuti n'za ofesi ya maphunziro, mukazisiye pageti la ndende yomwe muli nayo pafupi.